Mpukutu Wachisanu

Lolemba, 12 Januwale
A Merv aimbanso foni. Zaka 19 nyimbo ndi yomweyo: "Noelene, ndibwerekeni mpukutu wachisanu." Ndati ayi. Kanema wa 1919, wosalankhula, wa abusa a ng'ombe okwera mahatchi. Ngakhale ku America komwe adajambulidwa adatheratu, watsala wathu yekhayu. Iwo ali ndi mipukutu inayi yoyamba, ine wotsiriza. Adandiposa mtengo n'kugula inayo pa okushoni ya holo yakale, akudziwa bwino kuti bambo anga ndiwo ankaonetsa kanema m'menemo. Adzafa osaona mathero ake.

Lachitatu, 14 Januwale
Kutentha madigiri 43. Ndatsegula chitini cha mpukutu wanga, fungo loipa guu. Filimu yayamba kumata m'mphepete, ndipo ikatero sibwerera, imasanduka ufa. Ndachita mantha, ndisaname. Ndaoneranso pa makina anga opukusa ndi dzanja: m'busa wachipewa choyera, wokondedwa wanga wa zaka zonsezi, akuomberedwa pa mlatho. Ndalira monga mwa masiku onse.

Lachinayi, 15 Januwale
Mwana wanga Raelene akuti, "Amayi, ingowapatsani isanaole." Ndamuuza asamale za kwake.

Lachisanu, 16 Januwale
Sindiwaimbira foni a Merv. Aimbe okha.

Loweruka, 17 Januwale
Sadaimbe. Angofika ndi kagalimoto kawo kofuka utsi, zitini zinayi zili m'bokosi la ayezi. Mwana wawo akukawasiya kunyumba ya okalamba ku Adelaide, ndipo kumeneko salola filimu yoyaka ngati petulo.

"Mwapambana, mayi wamakani inu. Tengani."

Atembenuka kuti azipita. Zandikwiyitsa kwabasi. Kundipatsa ngati ndine wopemphetsa?

"Mukupita kuti? Lowani mupukuse makinawa, phewa langa likuwawa."

Tatseka makatani masanasana. Mpukutu woyamba, wachipewa choyera uja ndi amene akuba ng'ombe za mayi wamasiye. Wachiwiri, akuotcha khola. Zaka zonsezi ndakhala ndikulirira wakuba! Manyazi andigwira, koma ndawabisa kuti mkuluyu asadziwe.

Wachinayi utatha, a Merv asiya kupukusa. Maso ali pa chitini changa.

"Ingondiuzani, Noelene. Amugwira?"

"Ndine wailesi yanu ine?"

Ndatsegula chitini, ndamatula pomata paja pang'onopang'ono ndi chikhadabo, ndawaikira mpukutuwo m'manja.

"Pukusani bwino. Mukaudula, ku Adelaide mukafika opanda mano."