Dzina Limene Amayi Akulikana

Blaenau Ffestiniog,
Lachiwiri

Wokondedwa mlongo wanga Eirlys,

Amayi akana kunyamula khanda la mng'ono wathu Tegid. Kunena za moyo tonse tili bwino, kaya iwe ndi alamu ku Liverpool'ko? Chifuwa chija chinatha?

Wolakwa ndine. Tegid ndi mkazi wake Nesta anagwirizana zoti mwanayu akhale Emrys, dzina la malemu achimwene athu aja mwala unawagwera kumgodi wa masileti. Amayi atamva anakondwa, mpaka anatulutsa kamkanjo koyera kamene tonse tinavala pobatizidwa.

Lamlungu lapitali tikumwa tiyi kwa Tegid, Nesta anayamba kundiseka, amvekere aphunzitsi inu mabuku adzaza nyumba mpaka mkazi akusowa polowera, tatiuzani tanthauzo la dzinali. Ndikanangoseka nawo. Koma ndinafotokoza ngati ndili m'kalasi, kuti linabwera ndi Aroma akalekale, iwo ankati Ambrosius, makolo athu n'kulifewetsa, ndipo gwero lake ndi mawu a Chigiriki otanthauza wosafa. Tegid anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. Ine osasiya.

Amayi anaika kapu pansi. Anati wosafa ndi Mulungu yekha, ndiye kuti iwo anamuputa potcha mwana wawo dzina lotere, ndipo Iye anawayankha kumgodi. Akuti mdzukulu wawo asapatsidwe dzinalo, ndipo salitchulanso.

Ndinawakumbutsa kuti m'tauni muno muli a Emrys ambiri amene afika poyendera ndodo, komanso kuti mwala uja unagwa chifukwa madzi analowa mumng'alu. Zonsezi n'zoona, koma sizinathandize. Anangoti iwe Gwilym unabadwa ndi mutu, mtima unatsalira m'mimba mwanga. Tegid akuti ndikadzatsegulanso pakamwa adzatsekapo ndi sileti. Kuchokera tsikulo kwawo sindinapondekonso.

Nesta wanenetsa kuti dzina silisintha. Kamkanjo kaja Amayi akabwezera m'bokosi.

Chonde bwera pa sitima ya Loweruka. Amayi usadzawatsutse, zimenezo ndayesa kale ine. Udzangokhala nawo pafupi n'kuwakumbutsa za achimwene ali moyo, mmene ankaimbira m'kwaya. Mwina dzinalo lidzatuluka lokha pakamwa pawo.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni nonse.

Ubatizo ndi Lamlungu likubwerali. Abusa adzafunsa dzina la mwana pamaso pa mpingo wonse, ndipo Tegid sakudziwa chimene adzayankhe.

Ndine mlongo wako,
Gwilym