Mathalauza Anayi pa Msewu wa ku Chipoka

Bwanje,
16 Ogasiti 1987

Okondedwa achemwali anga a Emma,

Ndikhulupirira muli bwino ku Rumphiko, inu ndi alamu anga a Silvester pamodzi ndi ana. Kodi chifuwa cha Zelesi chija chinatha? Kuno tilipo. Amayi ku Biriwiri akudandaulabe mawondo, koma mbatata akukumba okha.

Ine thupi lili bwino, koma mtima uli ndi nseru, ndipo ino ndi sabata yachiwiri.

Paja ndinakuuzani kuti ife alangizi achizimayi asanu anatipatsa njinga zamoto zoyendera m'midzi. Titamaliza kuphunzira anatiitanira ku msonkhano ku Salima, ndipo tinapangana zopita tokha, aliyense pa mthuthuthu wake. Wotitsogolera anali mayi Rahima a ku Manjawira, amene anandiphunzitsa kusintha magiya ine ndikungogwera m'minda ya eni. Ndi mayi wamkulu, wa zidzukulu.

Iwowa ndiwo anatilangiza kuvala mathalauza m'kati mwa zitenje. Paipi ya utsi imaotcha, achemwali. Mnzathu Lukia ali ndi chipsera pakatumba mpaka lero. Komanso mphepo ikakweza chitenje, ntchafu zonse zimakhala pamtunda. Tinkadziwa kuti lamulo limaletsa akazi kuvala mathalauza, koma tinati chovala chobisika chalakwira yani?

Tinanyamuka m'mamawa. Msewu umenewo ndi wokoma: mapiri kumanzere, milambe mbali zonse, ana kutithamangira akukuwa kuti, "Azimayi! Azimayi pa mthuthuthu!" Titapitirira Mtakataka nyanja inayamba kuonekera kumanja. Lukia anayamba nyimbo ya kwaya, tonse n'kumavomera ngakhale sitinkamvana ndi phokoso la injini. Chibadwire ndinali ndisanakondwepo chotero.

Tisanafike ku Chipoka tinapeza anyamata a chipani atapingasa mtengo pamsewu, pafupi ndi kamsika ka nsomba. Makhadi a chipani tinaonetsa tonse. Koma potsika, chitenje cha Lukia chinakodwa pachitsulo, thalauza n'kuonekera.

Apo ndi pomwe wamkulu wawo anatulukira kuseri kwa golosale, akutafuna nzimbe. Achemwali, anali Elson. Mlongo wathu yemwe uja inu munkamubereka kumbuyo, amene timauza anthu kuti amagwira ntchito ku doko.

Analamula kuti aliyense avule thalauza pomwepo. Mayi Rahima anagwada pafumbi. Anamutchula kuti mwanangu, n'kupempha kuti atilole tikavulire kuseri kwa nyumba. Iye analavulira nzimbe pafupi ndi mawondo awo, nati amene sanachite manyazi povala asachite manyazi povula.

Nditachotsa chisoti anandizindikira. Sanadzidzimuke n'komwe. Anangouza anzake kuti awa asiyeni, ndi alongo anga. Anandiikira mpando pamthunzi, n'kundigulira chakumwa cha m'botolo.

Tsono chimene chikundilemera ndi ichi. Pampandopo ndinakhala. Botolo ndinalandira. Anzanga anayi akuvula, amuna ogulitsa usipa akuimba malikhweru, mayi Rahima akulimbana ndi lamba uku dzanja lina lagwira chitenje, mpango wawo utagwera pansi, ine ndinangoyang'ana mapazi anga. Sindinati Elson leka. Sindinaimirire kuti ndivule nawo. Ndinaopa, inde, koma ndinene zoona: mumtima ndinathokoza kuti si ine.

Mathalauza anayiwo anawayanika pa mtengo uja ngati zikopa za mbuzi.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Salima nyanja inali pomwepo, koma ine ndinkangomva fungo la nsomba zowola. Ndinaima n'kusanza m'mbali mwa msewu. Palibe amene anandidikira. Pobwerera, mayi Rahima anapsa mwendo ndi paipi ija.

Lachitatu ndinapita ku Manjawira kukapepesa. Anandiyalira mkeka, anandithirira tiyi, bala lawo litamangidwa kansalu. Nditangoyamba kulankhula anandidula, nati, "Musavutike, mwanangu. Aliyense ali ndi wake womuteteza." Bola akananditukwana.

Dzulo ndinamva kuti Elson watumiza uthenga kwa amayi kuti wapeza mbeta, chinkhoswe ndi mwezi wa Okutobala. Akuti ine ndikamutenge mtsikanayo pa njinga yanga kuti anthu akaone kuti kwathu ndi kwa ophunzira. Amayi akondwa, ayamba kale kufunafuna mbuzi. Sakudziwa kanthu.

Ine sindipitako. Koma amayi akadzandifunsa chifukwa, ndidzati chiyani?

Chonde bwerani sukulu zisanatsegulidwe. Inu Elson amakuopani. Mudzamufunse pamaso pa amayi ntchito imene amagwira, ndipo mwana wa eniyo adziwiretu manja amene akupitako. Ndekha sindingathe. Munthu amene anavula gogo wa eni pamsika, sangavutike kupereka mlongo wake ku chipani.

Kalatayi ndapatsira a Gibson oyendetsa lole pamanja, sindinaiponye ku positi. Mukawerenga muiotche.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, makamaka Zelesi. Mulungu akusungeni, ndipo mundipempherere kuti tsiku lina ndidzathe kuyang'ana mayi Rahima m'maso.

Ndine mng'ono wanu,
Aida