Lusayo sapita ku Mlare

Okondedwa amake Lusayo,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo sukulu ikuyenda ku Zombako. Kuno tilipo, chimfine cha mwana chija chinatha.

Koma Lachitatu azakhali anga a ku Mlare anandipsetsa mtima. Nditaweruka kuntchito ndinakatenga Lusayo kwa amayi omusamala aja, n'kuphika mbalagha, chakudya chathu cha nthochi zosapsa chija. Nthochi zake ndinazikanya ndi nsinjiro ndi usipa wosinja, monga munandiphunzitsira. Azakhali anatipeza tikudya, ndipo asanakhale n'komwe anafunsa kuti, "Phala lili kuti? Mwana wa chaka chimodzi n'kumadya za akuluakulu?"

Ndinawafotokozera kuti Lolemba anadya mpunga wofewa ndi dzira, Lachiwiri mbatata ndi bonongwe, ndipo zonsezi zimapsa msanga mwana asanayambe kuwodzera. Ndinawapatsanso buku la kusikelo kuti aone mmene akukwerera. Sanalitsegule. Anati mwamuna sangadyetse mwana, choncho amutenga akakhale naye ku Mlare mpaka inu mudzamalize sukulu. Anayambadi kulongedza malaya ake m'jumbo, m'nyumba mwanga momwe.

Ndinalandira jumboyo ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Azakhali, mwanayu ali ndi bambo wake, sapita kulikonse." Anachoka osatsanzika, ndipo tsopano akuuza abale kuti ndine wamwano.

Mundiuze ngati nyemba angayambe kudya ndi makoko omwe. Chonde muwaimbirenso azakhaliwo, inu mwina akumverani. Koma musawapepese m'malo mwanga, chifukwa sindinalakwe.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Lusayo