Wanyoza malume anga m'filimu, kodi ndikapepese m'malo mwake?

Aphungu,

Pepani kuti ndakuvutitsani ndi nkhani imene mwina muiona ngati yachibwana, chifukwa ikuyambira pa filimu. Ndikudziwa kuti mumalandira makalata a anthu amene ali pa mavuto aakulu kuposa anga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndiye ngati pena sindinalembe bwino mundikhululukire. Maina onse ndasintha, ngakhale la munthu wa m'filimuyo, kuopa kuti anthu angatizindikire.

Ndine mtsikana wa zaka 23. Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Biwi. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, mayi ali kumudzi ku Dedza, ndipo amene anandilera ndi malume anga, a Pemphani. Iwo amakhoma mbaula ndi ndowa ku Mchesi. Ndi munthu wofatsa, woyankhula mochedwa. Asanayambe nkhani iliyonse amatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Tiyeni tikhale kaye pansi, nkhani siithawa."

Mnyamata amene akufuna kundikwatira ndimutchula Maxon. Takhala pa chibwenzi zaka ziwiri. Ntchito yake ndi yomasulira mafilimu m'Chichewa. Amadzitsekera m'kachipinda ndi kompyuta ndi maikolofoni, filimu ikuyenda iye n'kumayankhula m'malo mwa anthu onse a m'filimumo, amuna ndi akazi omwe. Akamaliza, anyamata obena amaikira anthu m'mafoni ndi m'mafulashi, zina zimapita m'mavidiyo sho. Samwa mowa, sanandimenyepo. Nditadwala malungo chaka chatha anakhala panja pa chipatala masiku atatu, ntchito ataisiya.

Vuto linayamba atatenga filimu ina ya pa TV ya kunja, ya magawo ambirimbiri, ya anthu oyenda m'chombo pakati pa nyenyezi. Mtsogoleri wa chombocho pano ndimutchula Kaputeni Mphenzi. Filimuyo inatchuka zedi. Tsopano Maxon akamadutsa pa siteji, akabaza ndi makondakitala amamukuwira kuti Kaputeni, iye n'kukweza chala chimodzi osacheuka, monga amachitira wa m'filimuyo.

Magawo onse ndaonera, chifukwa amandiikira m'foni ndipo amandifunsa ngati ndamaliza. Aphungu, Kaputeni ameneyu ine sandisangalatsa. Ndi wolimba mtima, inde, koma samva za munthu. M'chombomo muli mayi wina amene amakonza injini. Tsiku lina mayiyo anamuchenjeza kuti asatere pa dziko lina lofiira chifukwa mpweya wake ndi woipa. Kaputeni anaseka n'kulamula kuti atere. Anthu atatu anafera komweko. Gawo lotsatira Kaputeni anali atasintha malaya, akudya bwinobwino. Penanso anasiya mnzake wa kuubwana pa dziko la madzi oundana, anatseka chitseko mnzakeyo akuthamangira chombo, akuti nthawi inali itatha. Chombo chikawonongeka amakalipira mayi uja. Chikayenda bwino, wotamandidwa ndi iye. M'vidiyo sho anthu amaimba malikhweru akapambana, koma ine maso anga amakhala pa amene atsala m'mbuyo.

Ndinamuuzapo Maxon kamodzi, mwaulemu. Anandiyankha kuti, "Iwe zako ndi singano. Akanati azimvera aliyense, chombo chija bwenzi chili pa siteji mpaka lero. Mtsogoleri safunsa njira, ndipo sapepesa."

Pali gawo limodzi limene limandisowetsa mtendere. Patapita nthawi, Kaputeni anapita kwa mayi wa mmodzi mwa anthu atatu aja. Anavula chipewa n'kugwada, misozi ikutsika. Chizungu chawo sindimva, komanso mawu enieniwo amakhala atatsitsidwa, koma munthu wopepesa ndimamudziwa. M'Chichewa cha Maxon, Kaputeni anati, "Mayi, mwana wanu anali wamantha. Musaone ngati ndakugwadirani, ndikumanga nsapato." Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa benchi. Ine malo amenewo ndinawabwereza kasanu pa foni. Nsapato zake zinalibe zingwe.

Nditamufunsa anati, "Anthu safuna Kaputeni wolira. Ndikamupepesetsa lero, mawa akagula za womasulira mnzanga wa ku Area 23."

Mwezi watha akwawo anabwera kunyumba kudzakambirana za chinkhoswe. Inu mukudziwa kuti pa nkhani zotere oyankhula ndi ankhoswe. Maxon anaumirira kubwera nawo, ndipo anakhala pampando chipewa chili kumutu. Nkhoswe yake ndi a Clifford, alongo a mayi ake. Iwo atangoyamba malonje, iye anawadula pakamwa. Anati, "Tisatalikitse, tsiku ndasankha kale, ndipo mwini holo ndayankhula naye." Malume anatsokomola n'kunena mawu awo aja, kenako anati, "Achimwene, pano oyankhula alipo. Inu vulani chipewa mukadikire panja, tikakufunani tikuitanani." Anatuluka, koma panjapo sanadikire. Anangopita.

Patatha sabata kunatuluka gawo latsopano. M'gawomo muli chimunthu chachitsulo, chakale, chadzimbiri, chimene chinaima pakhomo kutsekereza Kaputeni. Maxon anachipatsa mawu a malume. Kuchedwa kwake komwe kuja, katsokomoledwe komwe kaja. Chinati, "Tiyeni tikhale kaye pansi, nkhani siithawa." Kaputeni anachimenya theche n'kunena kuti, "Choka apa malume, kakhome mbaula ku Mchesi."

Dzina sanatchule, koma ku Mchesi aliyense anadziwa. Malume saonera mafilimu. Anangodabwa anthu akudutsa pa shedi yawo n'kumatsokomola dala, wina mpaka anamenya theche ndowa imene anali atangomaliza kukhoma. Mnzawo amene akhala naye pa shedipo zaka makumi awiri ndiye anawaonetsa pa foni. Tsiku limenelo anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, zida zonse atazisiya komweko, zimene sanachitepo.

Anandiitana n'kundiuza kuti, "Mwana wa mlongo wanga, sindikukukaniza mwamuna. Koma sindingaimirire ukwati wa munthu amene wandisandutsa choseketsa anthu. Abwere ndi nkhoswe yake Loweruka lomaliza la mwezi uno, adzapepese. Akapanda kutero ufune nkhoswe ina, ndipo amayi ako ndiwauza chifukwa chake." Aphungu, nkhoswe ina ndilibe, ndipo kumpingo kwathu salengeza ukwati popanda ankhoswe.

Maxon akukana. Akuti, "Ndi nthabwala chabe. Munthu wamkulu angakwiye ndi chidole? Nanga pamene anandithamangitsa pamaso pa anthu, ine anandipepesa ndani?" Nditayamba kulira anati, "Ukasankha malume ako, ine chitseko nditseka." Ananena akuseka, koma ine sindinaseke.

Mayi ake amandikonda. Dzana anandiitanira kuseri kwa nyumba yawo n'kundiuza kuti, "Mwananga, uyu ndinabereka ndine, ndikumudziwa, sangapite. Iwe gula tambala wamkulu, upite ndi a Clifford, mukanene kuti watumiza ndi iye, mwini wake manyazi amugwira. Akuluakulu akaona nkhuku mtima umatsika. Ukwati ndi kuphimbirana." A Clifford akuti ngati ine ndavomera, iwo apita.

Malume sindinawanamizepo chibadwire. Koma Maxon ndimamukonda, ndipo azimayi a kumpingo ayamba kale kundifunsa za nsalu ya chinkhoswe. Kodi tambalayo ndigule? Nanga kudzikuza kumeneku ndi kwa filimu, kudzatha filimuyo ikatha, kapena ndi kwake? Chonde ndiyankheni msanga, Loweruka lija layandikira.

E.P.,
Biwi, Lilongwe.


Mwana wanga E.P.,

Sunandivutitse, ndipo nkhani yako si yachibwana. Tambalayo usagule.

Funso lachiwirilo wayankha wekha, kungoti yankho lake ukuliopa. Kaputeni wakoyo ndi wodzikuza, sindikutsutsa. Koma ali ndi mwayi umene Maxon alibe. Olemba filimu anakonzeratu kuti azipambana, ndipo anthu amene amafa chifukwa cha liuma lake amadzuka kamera ikazima, n'kusamba, n'kupita kwawo. Malume ako m'mawa uliwonse amabwerera ku shedi yomwe ija, kukakhala pakati pa anthu omwe aja. Ndipo taona, ngakhale olembawo anaona kuti munthu wawo wafika poti agwade. Amene anamukaniza kupepesa ndi Maxon. Ndiye usadikire kuti filimu ithe. Ikatha adzatenga ina, ndipo pakamwa padzakhala pomwepo.

Zoti anthu safuna Kaputeni wolira mwina n'zoona pa malonda. Koma mbaula za ku Mchesi palibe kasitomala anazipempha. Anaziikamo ndi munthu amene anadzudzulidwa, n'kupita kukabwezera pamalo pamene malume ako sangathe kuyankha. Kutulutsidwa panja pamaso pa anthu kumawawa, ndikuvomereza. Koma njira anali nayo, ndiyo kudandaula kudzera mwa nkhoswe yake. Ankhoswe amakhalira zomwezo.

Yamba ndi mayi ake. Uwathokoze, kenako uwauze kuti sungathe. Mayi amenewo sakukufunira zoipa. Akhala akumuphimbira mwana wawo kuyambira ali wamng'ono, atopa, ndipo akufuna wowalandira mtolowo. Ukasenza Loweruka likubwerali, sudzatula. Mawa adzanyoza eni nyumba, mkuja abusa, ndipo wopita ndi nkhuku udzakhala iwe.

Ukachoka pamenepo pita kwa a Clifford. Uwakumbutse mwaulemu kuti malume ako anapempha munthu, sanapemphe ndiwo. Ntchito yawo ndi kubweretsa mphwawo. Iwonso anadulidwa pakamwa tsiku lija, ndiye chakuti akamuuze ali nacho.

Maxon uyankhule naye kamodzi kokha, masana, kutali ndi kachipinda kake ndi anzake omuchemerera aja. Usakonze mawu ambiri, angakusokoneze ndi nthabwala. Ungomuuza kuti, "Loweruka malume akudikira iwe. Ukabwera, ine ndikhala pambali pako. Ukapanda kubwera, bodza sindikanena." Ukatero nyamuka. Usamunyengerere, ndipo usamutumizire mauthenga pa foni ofewetsa zimene wanena.

Akabwera, dziwani nonse kuti kupepesa kwa m'nyumba n'koyambira chabe, chifukwa chipongwecho chinachitikira pagulu. Gawo lija lili kale m'mafoni a anthu, silingabwezedwe. Koma maikolofoni akadali nayo. Kumayambiriro kwa gawo lotsatira, pamene omasulira amapereka moni kwa anzawo ndi kudzitamandira maina, atha kunena poyera kuti analakwira munthu wamkulu. Izi achite malume ako akavomera, chifukwa mwina iwo angakonde kuti nkhaniyo ingozilala osatchulidwanso. Wolakwiridwa ndiye amasankha.

Malume akowo uwauze zonse Loweruka lisanafike, ngakhale mawu a chitseko aja. Mawu otero munthu sangonena, ngakhale anene akuseka. Amayi ako ku Dedza uwaimbire wekha, asamvere kwa wina.

Masiku atatu a kuchipatala aja sindinawaiwale. Akuonetsa kuti mtima ali nawo, n'chifukwa chake ndikuti umupatse mpata woti abwere. Komabe kudwazika munthu n'kosavuta kuyerekeza ndi kunena kuti ndalakwa, chifukwa wodwazika amatamandidwa, pamene wopepesa amatsika. M'banja mudzafunika zonse ziwiri.

Akapanda kubwera, chinkhoswe chiime kaye. Holo si ukwati, nsalunso si ukwati. Udzalira, ndipo azimayi a kumpingo adzayankhula sabata ziwiri kapena zitatu mpaka atapeza nkhani ina. Uli ndi zaka 23 ndi luso m'manja. Zimenezo n'zopiririka.

Chenjezo langa ndi ili. Nkhoswe si ya tsiku la chinkhoswe lokha. Ndi munthu amene udzathamangireko zinthu zikadzavuta m'nyumba, ndipo mphamvu yake yonse ili poti amakhulupirira zimene mwana wake wanena. Nkhani za ku Biwi sizibisika, ukanama Loweruka, tsiku lina malume ako adzamva ndithu kuti tambala uja unagula ndiwe. Ukadzafika pakhomo pawo ukulira, n'kunena kuti amalume, munthu uja wandichita chakuti, iwo adzayamba akuyang'ana kaye kumaso, kuti aone ngati ulendo uno ukunena zoona.

Aphungu.