Oilo wa boti m'galimoto

Bambo a Comfort,

Musandifunefune, ndapita ku galaja ku Songani. Galimoto yakwera lole ngati mbuzi.

M'mawa nditapakira matemba ndinaika giya pa D, koma galimoto inayamba yaganiza kaye. Ndinawerenga mpaka teni isanasunthe. Pamsewu injini imangolira, giya yachiwiri osalowa, mpaka a kabaza kumandipitirira akundibayibitsa. Ndinabwerera pa Likangala.

Ndinaimbira a Issa, amakaniko aja. Anati injini ili chilirire, ndisolole kachitsulo koyezera oilo wa giyabokosi, ndikapukute ndi nsalu yoyera. Oilo wake amayenera kukhala wofiira. Wathuyu ndi wakuda bii, akununkha zopserera. Kenako m'buti ndapezamo mabotolo awiri a oilo wa injini ya boti, opanda kanthu. Ndiye sevisi ija munkadzitama nayo Loweruka ndi imeneyi, yothandizana ndi anzanu a maboti padoko? Mumafuna galimoto iwoloke nyanja kupita ku chilumba cha Chisi?

A Issa akuti akhuthula oilo yense, asintha sefa, athira woyenera. Ngati zam'kati zapsa, yambani kutsanzikana nayo njinga yanu yamoto ija.

Matemba ndawatsitsa. Muwayanike pathandala asanayambe kununkha, mawa muwapititse nokha kumsika. Ntchito imeneyo siifuna sipanala.

Pepani, nsalu yoyera sindinaipeze, ndapukutira malaya anu a kwaya aja. Lamulungu mukaime mzere wakutsogolo, mpingo wonse uone ntchito ya manja anu.

Ndine,
Mayi a Comfort