Njovu ya Kuseri kwa Komboni

Bindura,
22 Febuluwale 1951

Okondedwa achemwali Alinesi,

Ndi chisoni chachikulu ndikukudziwitsani za imfa ya nsapato zanga zofiirira, zija ndinabwera nazo kuchokera kusukulu ku Fort Hare, zimene munkati zimandiyendetsa ngati tambala. Yakumanzere inamira m'matope a Mazowe sabata yatha. Yakumanja ili moyo, koma ndi yamasiye.

Zinayamba chonchi. Bwana wa mgodi wathu wachezeredwa ndi mlongo wake wochokera ku Mangalande, dona wamtali wa kamera m'khosi, amene anamva kuti kuno njovu zimadyera pakhonde. Poti ine ndine kalaliki wodziwa Chingerezi, anandichotsa pa tebulo n'kundikweza pa lole kuti ndizikamasulira. Masiku atatu tinazungulira tchire la kuseri kwa Shamva, mvula osakata. Tinaona nkhanga zinayi, bulu wa eni ake, ndi mchira wa chinthu chimene adona analemba m'buku mwawo kuti ndi kambuku. Anali galu, koma ine sanandifunse.

Pobwerera lole inatitimira. Adona anayamba kudandaula kuti awoloka nyanja pachabe, Bwana nkhope ili ndwii, ndiye ine pakamwa panandiyabwa. Mongofuna kuwaseketsa, ndinati njovu yapafupi ili kuseri kwa komboni yathu, njovu ya anthu a gule wamkulu. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapitiriza: za kudambwe, za mmene imakonzedwera, mpaka dzina la amene amaisunga. Inu ndinu mayi, izi sindiyenera kukulemberani, koma ndinaziulula kale kwa mayi wina, mzungu, pansi pa ambulera. Ndipo dzina ndinatchulalo ndi la amuna anu, alamu anga a Chikaipa.

M'mawa mwake Bwana anawaitanitsa ku ofesi atangotuluka mumgodi, anzawo ali unjiunji pakhomo. Lamulo linali lakuti njovu ituluke Loweruka masana pabwalo la mpira, adona aijambule.

Alamu anavula chipewa mwaulemu. "Mlamu, uwauze kuti njovu imatuluka pamaliro a munthu wamkulu basi. Uwafunse akufuna kumwalira liti, kuti tikonzeke."

Ine ndinamasulira kuti njovuyo yaonongeka ndi mvula.

"Iwe Staford," anatero alamu, "mawu anga anali aatali, ako afupika bwanji? Sukulu yonse ija?"

Apakhomo aja anaphulika kuseka. Bwana anaimirira, nafunsa m'chiyankhulo cha m'migodi kuti alamu akuti chiyani. "Ini yena khuluma?" Anandiyang'ana, nati akalaliki ofuna mpando wangawo alipo ambiri. Achemwali, ndinamasulira zonse, liwu ndi liwu, m'Chingerezi chabwino kuposa chonse chimene ndinayankhulapo.

Bwana anawapatsa alamu mpaka Loweruka. Masiku amenewo m'komboni munalibe ngakhale woimba mluzu. Ena anati angomanga kanjovu kabodza ka masaka, mzungu sangasiyanitse. Alamu anakana, ati akayamba kutero mawa adzawavinitsa pa tiyi. Ine ndinapita kawiri mpaka pakhomo pawo kuti ndikawachonderere, ndipo kawiri konse ndinabwerera osagogoda.

Loweruka adona anakhala pampando pakati pa bwalo, mvula ikuwaza, Bwana akuyang'ana wotchi. Anadikira maola awiri. Anajambula mbuzi.

Lolemba chitupa cha alamu chinafika pa tebulo langa. Bwana ananena mawu, ine ndinalemba ndi dzanja langa lokongola lija: wachotsedwa, ngwamwano. Ndi mawu amenewo palibe mgodi kapena famu kuno imene ingawalembe ntchito. Zaka khumi ndi chimodzi za pansi pa nthaka zathera pamzere umodzi.

M'komboni akufufuzabe amene anaulula. Akuganizira wapolisi wa pageti, moti dzana anamugenda akuchokera kumpopi, ndipo mutu wake ngomanga nsalu. Ine akandiona amati, "Pepani, akalaliki, anakuikani pakati." Ndimavomera ndi mutu.

Alamu ananyamuka dzulo wapansi, njira ya ku Mutoko ndi Tete, mitsinje ili yodzaza chonchi. Potsanzika anandigwira paphewa. "Usadziimbe mlandu, mlamu. Iwe unangomasulira."

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndili bwino ndipo ntchito ndikadali nayo. Sabina ndi Ndaziona muwauze kuti bambo awo akubwera, asafunse za madiresi. Kalatayi iyenda pa sitima, choncho iwapitirira panjira, ndipo mukhala nayo masabata awiri iwo asanafike. Akafika, muyambe mwawaphikira, apumule miyendo. Kenaka, mukaona kuti n'koyenera, muwawerengere. Anaima patsogolo panga dzulo, katundu ali pamutu, ndipo ine ndinangowafunira ulendo wabwino.

Ndine mlongo wanu, ngati mundilolabe,
Staford