Dimba Lanu Sitilipereka

Amayi, kumene muliko mukukhalako bwanji? Ine ndili bwino, ndikusambitsabe nkhalamba kuno kutsidya kwa nyanja ku Etobicoke, msana wokhawu ndiwo ukudandaula. Mdzukulu wanu Tadala wayamba sukulu. Ndikamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, nkhope ili gwa ngati inuyo mukakana kanthu. Kumudzi mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu.

Koma mtima wanga ukuwawa, Amayi, sindikubisirani. Mtsinje unasefukira n'kukokolola dimba lanu lija, chimanga chitafika m'chiuno. Boma linatuma anthu kudzaona minda yowonongeka kuti lipereke mbewu, feteleza ndi kandalama. Anthuwo ankangofuna amuna, akuti mutu wa banja. Mukudziwa amene anatulukira? Lufeyo! Mkamwini wanu uja anasiya Esinati ali ndi pakati n'kukakwatira ku Mponela. Anabwera atavala jekete, n'kuima m'matope ngati analimapo. Matumba a mbewu ndi feteleza amene anamupatsa anakweza pa njinga, ulendo kwa mkazi watsopano. Pano akuti popeza boma ladziwa iyeyo, dimbalo ndi lake, akufuna kufesamo nazale ya fodya.

Paja munkati mkamwini ndi tambala wobwereka, amalira m'khola la eni. Tinkaseka, bambo n'kumanamizira kutsokomola. Lero sindikuseka.

Kuno ndimasamalira gogo wina amene anali mlimi wa ng'ombe kumidzi. Nyengo yozizira yathayi madzi oundana anagwetsa mawaya a magetsi, mkaka wawo n'kuwonongeka, ndipo boma linawalipira. Famuyo amayendetsa mwana wawo wamkazi. Nditamufunsa ngati ndalamazo zinadzera kwa mwamuna wake, anandiseka mpaka misozi. Ine ndinalira m'basi njira yonse, azungu akundiyang'ana.

Esinati ndinayankhula naye pa foni ya ku positi. Ankafuna kugonja, akuti kulimbana ndi munthu amene boma lamuvomereza n'kudziputira mavuto. Ndinamukalipira, Amayi, mundikhululukire, iye ali ndi mwana kumsana. Ndinamuuza kuti chitsime cha m'dimbamo sanakumbe ndi a boma, munakumba ndinu ndi agogo, ndi mbale yobooka. Matumbawo Lufeyo adye, atupidwe nawo. Koma nthaka ya mbumba yathu, ayi.

Anandimva. Sabata yathayi akazi onse a pamtundu pathu, ngakhale mayi aakulu ndi ndodo yawo ija, analawirira m'dimba ndi makasu. Anadzala mbewu yanu yamakolo imene munkapachika kudenga la khitchini kuti ilowe utsi. Lufeyo pofika ndi mbewu yake ya fodya anapeza mizere yatha, azimayi atakhala m'malire monse, miyendo atatambasula. Analalata mpaka mawu kusasa, koma palibe anasuntha. Pochoka anati akatisumira ku boma.

Akasume! Ndapempha kale tchuthi kuntchito. Akandikaniza ndisiya, nkhalamba sizidzatha kuno. Mlanduwo ndikauyankha ndekha, ndikawafunse a bomawo ngati munda umasintha mwini chifukwa cha thumba la feteleza.

Ndakusowani kwambiri, Amayi, ndipo ndimakukondani. Gonani osadandaula. Ndikulonjeza kuti pobwera kudzasesa pamanda panu, ndidzakhala ndikutafuna mondokwa wa m'dimba lanu.

Ndine mwana wanu,
Felesiya